Yadi Inali Ndodo

Akulu athu pogula nsalu ankati: "Ndipatseni mayadi awiri." Liu limeneli si lathu. Linacokera ku Cingelezi, ndipo eni ace amalemba yard. Apwitikizi naonso analibwereka, nalisandutsa jarda.

Zaka zoposa 1000 zapitazo, anthu a ku England ankati gyrd. Tanthauzo lace linali ndodo, kapena kamtengo koongoka. Munthu akadula ndodo nayesera munda kapena nsalu, muyeso uja unkatenga dzina la ndodoyo. Mpaka lero amalinyero acingelezi amachula dzina lomweli ponena mtengo wopingasa umene amamangapo thanga ya ngalawa. Ndi mmenenso zinacitikira kwa Apwitikizi: muyeso wao wakale, vara, ndi liu lotanthauza ndodo.

Pali yard winanso, wonena bwalo la panyumba lozingidwa ndi mpanda. Malembedwe ndi amodzi, koma liu ili linacokera ku geard, ndiye kuti malo ochinga. Awiriwa si pacibale ai, angofanana nkhope.

Tsono ndodo imatalika mosiyana. Ya wogulitsa imafupika, ya wogula imatalika. Ife tikudziwa bwino mkangano umenewu, pakuti makolo athu ankayesa nsalu ndi mkono ndiponso mkwamba. Wamanja afupi akayesa mkwamba, wogula amalira.

Mlembi wina wakale, William of Malmesbury, analemba kuti mfumu Henry I, imene inalamulira kuyambira 1100 kufikira 1135, inafuna kuthetsa cinyengo ca amalonda. Inalamula kuti muyeso ukhale utali wa dzanja lace. Anthu a m'mbuyo anakometsera nkhaniyi, namati anayesa kucokera pamphuno ya mfumu kufikira ku cala cacikulu. Zamphunozo mlembi uja sanalembe.

Koma mfumu imafa, dzanja nkuola. Cotero anasula ndodo zacitsulo, boma nkumazisunga. Yadi inakhala mapazi 3, kapena mainchi 36. M'caka ca 1593 lamulo linakhazikitsa utali wa mailo, umene uli mayadi 1760.

Citsulo naco cinaona tsoka. Mu 1834 nyumba ya malamulo ku London inapsa, ndipo ndodo ya boma inaonongeka m'motomo. Akatswiri anabvutika zaka zambiri kupanga ina, poyerekeza ndi ndodo zimene zinatsala kwina. Yatsopanoyo inabvomerezedwa mu 1855.

Mu 1959 maiko asanu ndi limodzi olankhula Cingelezi anapangana kuti yadi iziyesedwa ndi mita. Anati yadi imodzi ndi masentimita 91,44. Ndodo ija inatha nchito.

Kuno ku Moçambique timayesa ndi mita, ndipo mita imaposa yadi. Pa nsalu imodzi kusiyanako kumaoneka kocepa. Koma mukalipira mamita 10, wogulitsa nakuyeserani mayadi 10, mwataya masentimita oposa 85. Nsalu imeneyo ikwana kusoka kabudula wa mwana.