Wailesi ya Apongozi: Mmene a kwa Chikomeni Anaonera Jit

Mbiri ya kanema ikamalembedwa, otchulidwa amakhala amene anagwira kamera ndi amene anasewera. Anthu amene analipira pakhomo, kukhala pa benchi n'kutuluka akukangana, sawerengedwa. Komatu m'Zambia muno oonera ali ndi mbiri yawoyawo, ndipo inayamba ufulu wa 1964 usanabwere.

Mu 1935 azungu awiri, Notcutt ndi Latham, anayamba ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Ankajambula mafilimu aafupi ku Tanganyika n'kuwanyamula pa lole kukaonetsa m'maiko oyandikana, Nyasaland ndi Northern Rhodesia yomwe. Nkhani zake zinali zophunzitsa: kusunga ndalama ku positi, ubwino wokhoma msonkho. Mu 1948 kunabwera Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo inagwira ntchito mpaka 1963. Akuluakulu a nthawiyo ankakhulupirira kuti munthu wakuda amangomeza chilichonse chimene waona pa nsalu yoyera. N'chifukwa chake mafilimu a ku America ankayamba adulidwa asanafike ku komboni, mpaka nkhani yake osalumikizananso.

Mayi wina wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954. Omuthandiza ake ankakhala pakati pa oonera bayisikopo n'kumalemba zimene anthu akunena, ndipo zinatuluka m'buku lake la Copper Town mu 1962. Anthuwo sankameza chilichonse ayi. Ankakuwa, ankachenjeza ngwazi ya filimu kuti mdani ali kumbuyo, ndipo kaubhoyi aliyense wolimba mtima ankangomutcha Jack. Mwamuna ndi mkazi akayamba kupsompsonana, ambiri ankaona ngati chamanyazi, n'kumakambirana za khalidwe la azungu. Amene boma linkati likuwaphunzitsa ndi amene ankaweruza.

Mwambo woweruza filimuwu ine ndinaupeza uli moyo kwathu kwa Chikomeni, kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi, patapita zaka makumi anayi. Nthawi imeneyo tinkawerengedwa ku Lundazi. Boma la Lumezi labwera mu 2018. M'zaka za m'ma 1990 mwini golosale wina anagula TV, deki ndi jenereta, natchinga chipinda chakumbuyo ndi masaka. Matepi ambiri anali a nkhonya ndi mfuti, a Rambo ndi a Bruce Lee, ndipo akuluakulu sankalowamo. Imene inawalowetsa inali Jit, chifukwa anamva kuti muli Oliver Mtukudzi ndiponso kuti ndi nkhani ya ukwati.

Kwa inu amene simunaione: Jit inatuluka ku Zimbabwe mu 1990, wolemba ndi kuitsogolera ndi Michael Raeburn. Mnyamata wina wotchedwa UK akukhala ku Harare ndi malume ake oimba, Mtukudzi mwini. Akukopeka ndi mtsikana dzina lake Sofi, yemwe ali kale ndi chibwenzi chandalama. Bambo a Sofi akutchula lobola: ndalama, ndi wailesi yaikulu yoimba malekodi. UK akuyesa ntchito iyi ndi iyo, zambiri zikumuthera moipa. Pambali pake pali Jukwa, mzimu wa gogo wachikazi umene amauona yekha, wokonda mowa, wosafuna kuti mnyamatayo aiwale a kumudzi. Ndi filimu yoseketsa, ndipo ku Harare inakondedwa kwambiri. Kwathunso anthu anaseka, kungoti sanasekere pamodzi.

Amayankhula Chingerezi m'filimumo, choncho mnyamata wina wa kusekondale ankaima pambali pa TV kumasulira, n'kumathirako zake. Anyamata onse anali mbali ya UK. Zinali zaka zimene kwacha inkatha mphamvu, abale athu akubwerera kuchokera ku migodi ndi ku Lusaka ntchito zitatha, ndipo mnyamata aliyense m'chipindamo ankadziwa kuwawa kwa kufuna mkazi ulibe kanthu m'thumba. Bambo a Sofi akaonekera, ankawakuwiza ngati wosewera wa timu ina.

Amalume anga sanaseke mpaka filimu kutha. Tili panja anafunsa funso limene linakambidwa m'mudzi sabata yonse: ankhoswe anali kuti? Apa muyenera kudziwa kuti Chikomeni ndi mfumu ya Achewa, pansi pa Kalonga Gawa Undi. Pachichewa mwana ndi wa kuchikazi. Amene amayankhula za ukwati wa mtsikana ndi mtsibweni wake, mwini mbumba, osati bambo womubereka. Mwamuna amapita kukakhala kwa mkazi pa chikamwini, ndipo zimene amapereka poyamba zinali zazing'ono, nkhuku kapena kandalama kotsegulira pakamwa. Ndiye amalume ankaona bambo akutchula mtengo wa mwana amene, m'maso mwawo, sanali wake. Chinawapweteka kwambiri chinali chakuti malume yekhayo wooneka bwino m'filimumo ankangoimba gitala. Iwo sanaone nthabwala. Anaona mlandu wosowa oukamba.

Koma dera la Lundazi si la Achewa okha. Kuli Atumbuka ndi Angoni, kumene ana amatsata bambo ndipo malowolo a ng'ombe ndiwo amamanga ukwati. Mphunzitsi wina wochokera kwa Magodi anatsutsana ndi amalume pamaso pa anthu. Iye anati bambo uja anali ndi ufulu wonse wotchula lobola, kulakwa kwake kunali pa chinthu chimene anatchula. Ng'ombe imabereka, imalima, ndipo mawa ikhoza kukalowola mkazi wa mlongo wake wa mtsikanayo. Imamanga mabanja awiri kwa zaka zambiri, ndipo ukwati ukatha anthu amadziwa chobweza. Nanga wailesi ikapsa mubweza chiyani? Anthu awiriwa anatsutsana mpaka usiku, koma ndikamaganiza lero ndimaona kuti onse ankadana ndi chinthu chimodzi. Ankaona ukwati utachoka m'manja mwa mabanja n'kulowa m'sitolo.

Amayi anabwera tsiku lachitatu, ataumiriza mwini golosale kuti aonetse masana. Maganizo awo ndi amene ndimawakumbukira kwambiri, chifukwa anagwetsa mbali zonse ziwiri. Kwa amalume anati asamanamizire kuti Achewa salipiritsa: mkamwini amalipira ndi khasu m'munda wa apongozi, chaka ndi chaka, akuyang'aniridwa ngati waganyu, ndipo UK akanasankha yekha mwina akanakonda kugula wailesi kamodzi n'kuthana nazo. Kwa mphunzitsi uja anati ng'ombe zomwezo ndi zimene zimasunga mkazi m'nyumba ya nkhanza, poti kwawo anadya kale ndipo alibe chobweza. Kenako anafunsa lawo: wailesi ija idzaimba pabwalo pa bambo, nanga mayi amene anasenza mimba alandira chiyani? Pachishona chenicheni yankho lilipo, chifukwa pa lobola pamakhala ng'ombe ya mayi, imene amaitcha mombe yeumai. Amayi a kwathu sankaidziwa, koma anaona okha pamene panali dzenje.

Za Jukwa zinali zazifupi. Ana ndi anyamata ankamuyembekezera kuti aoneke. Mkulu wina wa mpingo anatuluka pakati pa filimu. Agogo anga aakazi, amene anaona makolo awo akuthira nsembe ya mowa pansi pa mtengo, anangoti mzimu ukapempha mowa suseka, ndipo sanabwerenso.

Pali mawu amene timakonda kunena akuti chikondi ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Mafilimu achikondi a ku Hollywood amamangidwa pa mfundo imeneyo: makolo ndi chopinga, ndipo nkhani imatha awiriwo akapambana. Jit inabwereka chimango chomwecho n'kuchiveka zovala za ku Harare. Anyamata a kwathu anachilandira msanga. Akulu anachikana, chifukwa kwa iwo ukwati wopanda wachitatu ndi wachinayi si ukwati, ndi kubisala chabe. Ine ndimaona kuti Raeburn anaona patali kuposa onse. Sankajambula mwambo wa Ashona monga unalili kumudzi. Ankajambula zimene tauni imachita ndi mwambo uliwonse, ndipo ife tinkaseka poganiza kuti ndi za ku Zimbabwe.

Inu a ku Mtendere, Chawama ndi Kanyama mukudziwa kumene zafika. Lero lobola amatchula pafupifupi aliyense, Mchewa kaya Mbemba, mitundu imene kale inkanyadira kuti sigulitsa mwana. Ena amawerengera sukulu imene mtsikana anaphunzira, ndipo ndalama zina zimatumizidwa pa foni ankhoswe asanakumane n'komwe. Mtukudzi anamwalira mu January 2019, matepi aja anadyedwa ndi chinyezi, ndipo chipinda cha masaka chinasanduka mosungira chimanga.

Patapita zaka zingapo kuchokera pamene Jit inaonetsedwa, mnyamata wina wogwira ntchito ku Chipata anabwera kudzafunsira msuweni wanga, ndipo anapempha chitengwa kuti akakhale naye kutauni. Woyankhula anali amalume aja, monga mwini mbumba. Anatchula ndalama zimene zinachititsa ankhoswe a kuchimuna kupempha kuti atuluke kaye akapume mphepo. Madzulo amayi anawakumbutsa za bambo a Sofi. Amalume anayankha kuti zinthu ziwirizi n'zosiyana kutali, chifukwa iwo sanatchule wailesi.