Kuchoka pa denga la udzu kukafika ku Mars

Masana a mwezi wa Okutobala ku Mtakataka, nyumba ya malata imasanduka ng'anjo. Ukathawira m'khitchini ya udzu kuseri, thukuta limayamba kuuma, chonsecho dzuwa ndi lomwelo.

Pamene ansembe a White Fathers ankafika ku Mua mu 1902, midzi ya m'munsi mwa mapiri a Dedza inali yofoleredwa ndi udzu. Ofolera ankadziwa kuti udzu ukachindikala, m'nyumba mumazizira. Chinsinsi chake ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa udzuwo, chifukwa mumpweya wosayenda kutentha kumadutsa mwaulesi. M'chitsulo kumathamanga. N'chifukwa chake mthiko amasema wamtengo, pomwe sipuni yoiwalika mumphika imawotcha chala.

Zimene ofolera ankazidziwa ndi manja, Joseph Fourier wa ku France anazilemba m'masamu mu 1822, ndipo ndiwo maziko a phunziro la kayendedwe ka kutentha m'sukulu mpaka lero. Mu 1892, James Dewar anapanga botolo la makoma awiri n'kuchotsa mpweya wapakati, kuti kutentha kusowe podutsa. Limeneli ndiye kholo la fulasiki yomwe amayi amatengeramo phala la wodwala kuchipatala. Mu 1931, Samuel Kistler wa ku America anatulukira aerogel, chinthu chopepuka ngati utsi woundana, chodzaza ndi mpweya m'timabowo tosaoneka ndi maso. Ndicho chinateteza zipangizo za kagalimoto ka Sojourner ku chisanu cha ku Mars mu 1997.

Kwathu kuno mbiri inayenda chobwerera. Malata anakhala chizindikiro cha munthu wopeza bwino, ndipo ambiri obwera ku Joni ankayambira pamenepo. Sanalakwe: udzu umadontha, umadyedwa ndi chiswe, umapsa msanga. Koma pofolola udzu anachotsanso mpweya uja. Amene amakhoma siling'i ya mphasa kunsi kwa malata akuubwezera pamalo pake.

Mphunzitsi wa sayansi ku Golomoti sasowa aerogel kuti ana amve. Athire madzi otentha m'zitini ziwiri, china achikwirire m'dengu la mankhusu a mpunga wa ku Bwanje, china achisiye pa simenti. Belu lopumira likalira, ana apisemo chala, kenako akafunse agogo chifukwa chake amakonda kukhala m'khitchini masana.