Mliri wa Ng'ombe ndi Chipata cha pa Chiponde

Msewu wochokera ku Mangochi, ukakwera mapiri ndi kudutsa pa Namwera, umafika pa Chiponde, pomwe Malaŵi wachita malire ndi Mozambique. Kutsidya kwake kuli Mandimba. Pachipata chotere munthu wokusa ng'ombe kapena mbuzi amafunsidwa kalata yochokera kwa alangizi a ziŵeto, ndipo ena amayesa kuti nkuvutitsana chabe. Komatu lamulo limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo inayamba ndi maliro a ng'ombe.

M'chaka cha 1887 asilikali a ku Italy anatsitsa ng'ombe padoko la Massawa, ku Eritrea. Ng'ombezo zinali ndi nthenda yotchedwa rinderpest. Chiŵeto chinkatentha thupi, kutuluka misozi ndi mamina, kuchita zilonda m'kamwa, kutsekula m'mimba, nkufa pasanathe masabata aŵiri. Nthendayo inatsata njira za malonda ndi madambo odyetserako ziŵeto. Cha m'ma 1892 inali itafika kumpoto kwa nyanja ya Malaŵi, kumene inapulula ng'ombe za Angonde ku Karonga. Mu 1896 inaoloka Zambezi nkufika ku Bulawayo. M'madera ambiri ng'ombe 9 pa 10 zilizonse zinafa, pamodzi ndi njati ndi nyama zina zam'tchire.

Pa tsoka limeneli anthu anatolapo nzeru zimene madotolo a ziŵeto amayendera mpaka lero. Yoyamba ndi yakuti nthenda ilibe miyendo, imaberekedwa ndi chiŵeto choyenda. Dotolo wina wa ku Roma, Giovanni Lancisi, anali atalemba kale mu 1715 kuti mliri wotere umatha poletsa ziŵeto kuyenda, popatula zodwala, ndi pokwirira zakufa m'maenje akuya. Ku South Africa anamanga mipanda yawaya yaitali, koma mliri unaloŵabe, pakuti mpanda suthandiza ngati anthu akuzembetsa ng'ombe usiku.

Nzeru yachiŵiri ndi yoŵerenga. Wofufuza mliri sayang'ana ng'ombe imodzi, amayang'ana khola lonse ndi mudzi wonse. Amafunsa kuti zadwala zingati mwa zingati, zafa zingati, yoyamba inadwala liti, inagulidwa kuti, ndipo inamwera padziŵe limodzi ndi ziti. Mayankho aŵa ndiwo amaulula kumene nthenda yachokera ndi kumene ikuloŵera.

Yachitatu ndi ya katemera. Cha m'ma 1960 Walter Plowright, akugwira ntchito ku Muguga m'dziko la Kenya, anakonza katemera woteteza ng'ombe moyo wake wonse. Ziŵeto zambiri zikabayidwa, nthenda imasoŵa podumphira, kotero kuti ngakhale zosabayidwa zimapulumukirapo. Mu 1962 maiko a mu Africa anayamba kubaya ng'ombe mogwirizana, ndipo mliri unachepa kwambiri.

Koma apa mpamene panatuluka nzeru yachinayi, yoŵaŵa koposa. Poona kuti ng'ombe zaleka kufa, maiko ena analekerera. Ana a ng'ombe anabadwa osabayidwa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mliri unabukanso nkusakaza makola kuchokera ku Sudan mpaka ku Nigeria. Ntchito inayambikanso, tsopano ndi ulonda wosagona: kupima magazi, kufunsa abusa, ndi kufufuza mphekesera iliyonse. Nthendayo inaoneka komaliza mu 2001 pa njati za ku Meru, ku Kenya, ndipo mu 2011 mabungwe a FAO ndi OIE analengeza kuti yatheratu padziko lonse lapansi.

Rinderpest inapita, koma chitopa cha nkhuku, chigodola cha nkhumba ndi nthenda ya zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe zikadalipo, ndipo zimayenda njira zomwezo. Pa Chiponde Ayao a mbali zonse ziŵiri ndi abale. Amakwatirana, amagulitsana, amapatsana nkhuku ndi mbuzi. Nkhuku imodzi yamphatso, yooneka yabwinobwino, ikhoza kutha khola m'sabata imodzi. Nchifukwa chake chiŵeto chachilendo chiyenera kuyamba chakhala pachokha masabata angapo, ndipo imfa yosadziŵika bwino iyenera kunenedwa msanga kwa mlangizi, nyama yake isanagaŵidwe. Akale anati chaona mnzako chapita, maŵa chili kwa iwe. Khola la ku Mandimba likadwala, la pa Chiponde lisagone tulo.