Kukhumudwa

Poyamba mawuwa ndi a phazi. Msodzi wa ku Meponda akamatsikira kunyanja usiku n'kugunda mwala, timati wakhumudwa. Kenako anafika pamtima: usipa ukasowa, munthu amakhumudwa, mawa lake n'kuseka.

Madokotala anawabwereka kutchulira matenda amene Chipwitikizi chimati depressão, ndipo apa mawuwa amachepa mphamvu. Uku si kukhumudwa kwa tsiku limodzi. Munthu amatha milungu osagona, osadya bwino, osafuna ngakhale kusoka ukonde wake.

Mankhwala alipo, monga fluoxetine ndi amitriptyline, koma amatenga milungu ingapo kuti mtima upepuke. Mu 2004 bungwe la FDA ku America linalamula kuti pamankhwala otere palembedwe chenjezo loti ana ndi achinyamata ena amayamba kuganiza zodzipha akangoyamba kumwa. Mu 2007 chenjezoli linafikanso kwa a zaka 18 mpaka 24. Matendawo pawokha amaphanso, choncho kusiya mapiritsi mwadzidzidzi si nzeru. Wodwala akayamba kusakhazikika, kupsa mtima kapena kulankhula za imfa, abale athamange naye kuchipatala, ngakhale ku Lichinga.