Mayi Amene Anapulumutsa Mount Vernon

Pamwambo uno tikukumbukira Mayi Ann Pamela Cunningham a ku South Carolina, m'dziko la America. Pofika 1853, nyumba ya George Washington ku Mount Vernon, m'mphepete mwa mtsinje wa Potomac, inali itaonongeka, ndipo boma silinafune kuigula. Mayiwa, amene ankakhala chodwaladwala chigwereni pa hatchi ali mtsikana, anadandaulira amayi anzawo kudzera m'nyuzipepala. Bungwe limene anayambitsa linasonkhetsa madola 200,000, chuma chosaneneka masiku amenewo, n'kulandira nyumbayo mu 1860. Nkhondo yapachiweniweni itabuka chaka chotsatira, asilikali a mbali zonse ziwiri ankadzaona malowo atasiya mfuti zawo kunja. Mayi Cunningham anatula udindo mu 1874, namwalira mu 1875.