Tete, Mzinda Wakale Kuseri kwa Chipata cha Mwanza

Anthu a ku Mwanza ambiri amaudziwa mzinda wa Tete ndi zinthu ziwiri basi: dzuwa lake loswa mtengo, ndi mlatho umene mabasi a ku Joni amawolokerapo Zambezi. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa mzindawu, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera pa Zobue, ndi wamkulu kwa Blantyre ndi zaka zoposa 300.

Eni dera, Anyungwe, amautchula Nyungwe. Amalonda achiswahili ndiwo anayamba kugulirapo golide wochokera kwa Mwenemutapa, ndipo Apwitikizi anakhazikikapo m'ma 1530. Sanachedwe kuyang'ana kuno kwa Amaravi, kumene kunali minyanga. Mu 1616 Gaspar Bocarro ananyamuka pa Tete, n'kudutsa dziko la mfumu Muzura, kuwoloka Shire, mpaka kukafika ku Kilwa. Kenaka kunadza maprazo, minda ikuluikulu ya atsamunda yolonderedwa ndi Achikunda, akapolo onyamula mfuti, amene ankasaka njovu ndi anthu omwe. Makoma a linga la São Tiago Maior, m'mphepete mwa mtsinje, ndi otsala a moyo umenewo, ndipo munthu sayenera kuwasirira ataiwala amene anasenza miyala yake.

David Livingstone anafika pa Tete mu 1856 ali wofooka, nasiyapo Amakololo amene anamuperekeza. Atabwerera mu 1858, mathithi a Cahora Bassa anatsekereza sitima yake, choncho anakhotera ku Shire n'kukafika kunyanja yathu mu 1859. Pakadapanda miyala imeneyo, mwina mamishoni a ku Magomero ndi Blantyre akadamangidwa kwina.

Tete unakwezedwa kukhala mzinda mu 1959. Mlatho wolendewera pa zingwe zachitsulo unatha mu 1973, nkhondo ya Frelimo ili mkati, patangopita miyezi asilikali a Apwitikizi atapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu. Lero mlathowu umatchedwa Samora Machel. Nkhondo ya Renamo itabuka, malole athu ankadutsa msewu wa ku Tete mondondozana, asilikali a Zimbabwe ali patsogolo ndi pambuyo, pamene othawa kwawo ankadzaza misasa ya Chifunga ndi Luwani. Akuluakulu a ku Mwanza sayiwala masiku amenewo, amene anatha ndi pangano la mtendere la 1992.

Tsopano malasha a ku Moatize abweretsa mahotela, mlatho wachiwiri wa Kassuende, ndi njanji yodutsa m'boma lathu lomwe lino la Mwanza kupita ku Nacala. Koma wofuna kuuona Tete weniweni atsike basi m'mwezi wa June kapena July, kutentha kutachepa. Ayende wapansi kutchalitchi chakale cha São Tiago Maior, adye nyama ya mbuzi yowotcha imene Mozambique yonse imaitama, agule masau ndi malambe pamsika. Pokambirana mtengo sadzafuna womasulira, pakuti Chinyungwe ndi Chichewa zimamvana.