MPHEPO, UTSI NDI MSONKHO: MBIRI YA WISIKI WA KU ZILUMBA ZA SCOTLAND

Mowa uliwonse uli ndi kwawo. Masese amanunkha nkhokwe, uchema umanunkha migwalangwa ya kuchigwa, ndipo wisiki amene ine ndimamukonda amanunkha utsi. Ndimakonda atatu: Highland Park wa ku Orkney, Talisker wa ku Skye, ndi Lagavulin wa ku Islay. Onsewa amatchezedwa pa zilumba za mitengo yochepa, kumene mphepo ya pa nyanja ya Atlantic imafika isanapumireko pena paliponse. M'nkhani ino ndifuna kuonetsa kuti utsi umenewu unadza ndi mphepo ndi umphawi, ndi kuti ulemu umene mowawu uli nawo lero unadza ndi lamulo la msonkho.

Tiyambe ndi dzina. Wisiki amene amamutcha single malt ndi wochokera pa malo amodzi otchezera, wopangidwa ndi chimera cha balere, madzi ndi yisiti basi. Amamutcheza m'miphika ya mkuwa, kawirikawiri maulendo awiri, ndipo lamulo limati agone m'migolo ya mtengo wa oak zaka zosachepera 3 m'dziko la Scotland momwemo. Amene anaonapo mayi akutcheza kachasu sangadabwe ndi ntchitoyi. Kusiyana n'kwakuti woyamba kutuluka uja, umene ife timati mutu, iwo amaubwezera mumphika, natenga wapakati wokha. Kenaka amadikira zaka 10, 12 kapena 16, mowa wina uli kuuluka m'migolo chaka ndi chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga utsi ulowa pati? Chimera chikamera chiyenera kuumitsidwa, ndipo kumeneko dzuwa silodalirika. Pafunika moto, koma nkhuni palibe. Mphepo ya mchere imapinda mtengo ukadali mphukira, ndipo yochepa imene inalipo anthu anadula, nkhosa n'kudya zotsala. Chimene mphawi wa pa chilumba anali nacho ndi dothi lakuda la m'madambo lotchedwa peat, ndiye kuti udzu, ndere ndi zitsamba zimene zakhala zikuola pang'onopang'ono kwa zaka zikwi. Limakwera ngati milimita imodzi pa chaka. Amalidula ngati njerwa, kuliyanika pa mphepo yomweyo, ndipo limayaka mofuka ngati ndowe youma. Ankaphikira lomwelo, kuwotha lomwelo, n'kuumitsiranso chimera. Njanji itafika ku chigwa cha mtsinje wa Spey m'zaka za m'ma 1860, otcheza a kumeneko anayamba kulandira malasha, ndipo wisiki wawo anachepa utsi. Ku zilumba kunalibe njanji. Utsi umene lero anthu amalipira ndalama zambiri kuti aulawe ndi fungo la anthu amene analibe nkhuni.

Tsono msonkho. Zolembedwa zakale kwambiri zotchula mowa umenewu ndi za m'chaka cha 1494, m'mabuku a chuma a mfumu James IV, mmene mukuoneka kuti wachipembedzo wina, John Cor, anapatsidwa chimera kuti apange "madzi a moyo". M'chilankhulo cha Gaelic mawu amenewa ndi uisge beatha, ndipo dzina lakuti wisiki linachokera pamenepo. Msonkho woyamba unaikidwa mu 1644. Scotland italumikizidwa ndi England mu 1707 zinthu zinakula, ndipo mu 1725 boma la ku London linakhometsa msonkho pa chimera. Anthu a ku Glasgow anakwiya naphwasula nyumba ya phungu wawo, Daniel Campbell wa ku Shawfield, amene ankamuganizira kuti anavomereza msonkhowo. Asilikali anaombera, anthu angapo n'kufa. Campbell analandira chipukuta misozi, ndipo ndalama zimenezo zinamuthandiza kugula chilumba cha Islay mu 1726. Chipolowe chokana msonkho wa chimera ndicho chinapatsa banja limodzi chilumba chimene lero chimatchuka ndi chimera chofukizidwa!

Mu 1781 boma linaletsa kutcheza kwa pakhomo, ndipo anthu a kumapiri ndi ku zilumba anangosamutsira miphika m'mapanga ndi m'makwawa. Kwa mlimi wobwereka munda, botolo linali njira yosandutsira balere wosalimba kukhala ndalama ya lendi. Pamene mfumu George IV inacheza ku Edinburgh mu 1822, inafunsa wisiki wa ku Glenlivet, amene panthawiyo anali wozembetsa. Chaka chotsatira, 1823, kunabwera lamulo latsopano: wolipira mapaundi 10 a chiphaso ndi msonkho wotsikirapo atha kutcheza poyera. George Smith wa ku Glenlivet anatenga chiphaso mu 1824, ndipo ankayenda ndi mfuti ziwiri poopa anansi ake amene anamuona ngati wowagulitsa.

Lamulo limeneli linapindulitsa amene anali ndi chuma kale. Chitsanzo chake ndi Talisker amene ndimamukonda uja. Anayambitsa malo otchezerawa mu 1830 ndi abale awiri, Hugh ndi Kenneth MacAskill, ndipo Hugh amakumbukidwanso chifukwa chochotsa mabanja a alimi pa malo awo kuti pakhale msipu wa nkhosa. Tsabola amene amakuluma pakhosi ukamwa Talisker ine ndimamukonda ndithu, koma sindiiwala kuti botolo ndi mabwinja zinabadwa m'dzanja limodzi.

Tibwerere ku mphepo, poti anthu a kumeneko amawerengera zaka pa iyo monga ife tiwerengera pa njala ya 1949. Ku Orkney, kwawo kwa Highland Park, peat wa ku Hobbister Moor ali ndi mitengo yochepa mkati mwake. Chochuluka ndi chitsamba chachifupi chotchedwa heather, ndipo n'chifukwa chake utsi wake ndi wofatsa, wonga wa uchi, wosiyana ndi wa Lagavulin umene umakukumbutsa mankhwala a pa chilonda ndi phula la pa bwato. Chilumba chomwecho chinaona zoopsa pa 15 January 1952. Nthawi imeneyo alimi a ku Orkney ankadalira kwambiri mazira, ndipo usiku umodzi mkuntho unanyamula makola zikwi zingapo, ena n'kuwaponya m'nyanja nkhuku zili momwemo. Chaka chotsatira, pa 31 January 1953, namondwe wina anamiza sitima ya Princess Victoria pakati pa Stranraer ndi Larne, ndipo anthu oposa 130 anafa.

Nthawi ina mphepo inapatsa m'malo molanda. Pa 5 February 1941, nkhondo ili mkati, sitima ya Politician yochokera ku Liverpool inagunda miyala pafupi ndi chilumba cha Eriskay nyengo itaipa. Inanyamula mabotolo a wisiki oposa 250,000 opita kutsidya la Atlantic, osalipiridwa msonkho popeza anali ogulitsa kunja. Amuna a pa zilumbazo anapalasa mabwato usiku, natola zimene kwa iwo nyanja inawaninkha. Mkulu wa kasitomu, Charles McColl, anaona kuba. Nyumba zinasechedwa, anthu ena anamangidwa masabata angapo, ndipo potsiriza sitimayo anaiphulitsa ndi mabomba, mowa wambiri uli momwemo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pa chala ngwa mphepo. Compton Mackenzie analembapo buku lanthabwala, Whisky Galore, mu 1947, ndipo kanema wake anatuluka mu 1949. Dziko linaseka, koma mlandu unali wakale uja wa 1725 ndi 1781: mwini mowa ndani, wotola kapena wokhometsa?

Inenso ndinalawako mphepo ya kumeneko, ndili pa maphunziro ku Glasgow. Pa 8 December 1 koloko isanakwane, m'chaka cha 2011, sukulu zinali zitatsekedwa kale, milatho ikuluikulu n'kutsekedwanso. Pa phiri la Cairngorm anayeza liwiro la mamailosi 165 pa ola, ndipo ku Ardrossan makina opukusa magetsi ndi mphepo anayaka moto. Ndinaona migolo ya zinyalala ikuthamanga mumsewu ngati mbuzi zodula chingwe. Mayi wokalamba amene ndinkakhala m'nyumba mwake anandiyang'ana ndikunjenjemera pa zenera, nati imeneyo ndi mphepo ya ana. Yeniyeni, ati, inali ya usiku wolowera pa 15 January 1968, pamene machumuni a miyala ankaboola madenga n'kugwera anthu ali m'tulo. Anthu pafupifupi 20 anafa, ndipo madenga ambiri anakhala ofundidwa malona miyezi yambiri. Ana ake onse ankawawerengera pamenepo: uyu anabadwa mphepo isanadze, uyu itapita. Tisapeputse kawerengedwe kotere. Ku Ireland, pamene boma linayamba kupereka penshoni kwa a zaka 70 mu 1909, okalamba ambiri analibe kalata ya kubadwa, ndipo funso limodzi lowayesera linali lakuti kodi akukumbuka usiku wa chimphepo cha pa 6 January 1839.

Komabe wolemba mbiri asamezere zonse zolembedwa pa botolo. Amalonda amakonda kunena kuti mphepo ya mchere imalowa m'migolo n'kukometsa mowa. Zoona zake n'zakuti wisiki wambiri wa ku zilumba amakagona m'nyumba zosungira za kumtunda, kutali ndi mafunde, ndipo Talisker analeka kupanga chimera chake mu 1972. Ngakhale kutchuka kwa single malt n'kwa dzulodzulo: kufikira pamene Glenfiddich anayamba kumutsatsa kunja mu 1963, pafupifupi yense ankathera m'mowa wosakaniza. Mphepo ilimo m'botolo, inde, koma inalowera pa ng'anjo ya chimera zaka mazana zapitazo, pamene inamana anthu nkhuni.

Nkhaniyi ikutikhudza pati ife? Scotland yomweyo ndiyo inatitumizira amishoni a ku Livingstonia mu 1875 ndi a ku Blantyre mu 1876, ndipo pangano la ku Brussels la 1890 linatsekera anthu akuda a chigawo chino mowa waukali wachizungu. Mayi wotcheza kachasu anakhala wothawa apolisi, monga momwe analili mlimi wa ku Islay zaka zana m'mbuyomo. Mphika ndi womwewo, moto ndi womwewo, njala ya ndalama ya msonkho ndi yomweyo. Wina anapatsidwa chiphaso, mgolo ndi mlembi wosunga zaka zake, ndipo lero akutchedwa chikhalidwe cha dziko. Mnzake sanalembedwe m'buku lina kupatula la khoti.

Nafenso tili nazo mphepo zathu zowerengera zaka: mwera umene unamiza sitima ya Vipya pa 30 July 1946, ndi Napolo amene anatsika phiri la Zomba mu December chaka chomwecho. Amene anaziona ndi maso atsala owerengeka, chimodzimodzinso amayi amene ankabisa mipaipi m'munda wa chinangwa. Ntchito yokhala nawo pansi ndi kulemba zimene akukumbuka ndi yathu, anzanga, ndipo siidikira ngati mowa wa mumgolo.